Khansa ya kapamba ndi tizidutswa ta microRNA: zimene sayansi yapeza ndi tanthauzo lake ku Jumbo Mine

Khansa ya kapamba ndi imodzi mwa khansa zimene zimapha msanga kwambiri, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti imadziwika mochedwa. Malinga ndi chiwerengero cha IARC, nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa, m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 511,000 pa dziko lonse anapezeka ndi nthendayi ndipo pafupifupi 467,000 anamwalira nayo. Ngakhale ku United States, kumene kuli zipangizo zamakono, ndi odwala 13 okha pa 100 alionse amene amakhalabe ndi moyo patatha zaka zisanu chiwapezereni nthendayi.

Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 2000, akatswiri akhala akufufuza tizidutswa ting'onoting'ono topezeka m'maselo a thupi, totchedwa microRNA, pofuna kudziwa mmene khansa imeneyi imayambira, mmene ingadziwikire msanga ndiponso mmene ingachizidwire. Zimene zapezeka kufikira lero zikusonyeza kuti phindu loyandikira la tizidutswati lili pa kupima magazi kuti nthenda idziwike isanafalikire. Ntchito yopanga mankhwala kuchokera ku tizidutswati idakali m'mbuyo. Nkhani ya kupima magaziyi ikukhudza kwambiri anthu okhala kutali ndi zipatala zikuluzikulu, monga a m'makomboni a migodi ya ku Zimbabwe, kumene kuli mabanja ambiri olankhula Chichewa.

Jumbo Mine ndi ulendo wa wodwala

Jumbo Mine ndi mgodi wa golide umene uli m'boma la Mazowe, m'chigawo cha Mashonaland Central chimene likulu lake ndi Bindura. Mgodiwu uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa mzinda wa Harare. Monga m'migodi ndi m'mafamu ena a chigawochi, ambiri mwa okhala kumeneko ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique kukafuna ntchito m'nthawi ya atsamunda, ena pansi pa bungwe lolemba anthu ntchito limene ankalitcha Mthandizi, ena paokha. M'chaka cha 2002 kampani ya Metallon inagula mgodiwu pamodzi ndi ina kuchokera ku kampani ya Lonmin. Ntchito ya kampani itazirala chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010, m'deralo munachuluka anthu okumba golide paokha, amene kumeneko amawatcha makorokoza.

Munthu wa ku Jumbo akadwala amayambira pa kiliniki ya pafupi. Matenda akakula amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Concession kapena ku chipatala cha chigawo cha Bindura, ndipo zikafuna akatswiri a khansa ulendo umakathera ku Parirenyatwa mu Harare. Zipatala za boma zimene zili ndi nthambi zowotcha khansa ndi makina m'dzikolo ndi ziwiri, Parirenyatwa ndi Mpilo ya ku Bulawayo. Pa siteji iliyonse pamafunika ndalama ya basi, ya kupimitsa ndiponso ya chakudya cha womudikirira. Kwa matenda ena kuchedwa kwa miyezi ingapo kumapiririka. Kwa khansa ya kapamba miyezi yomweyo ndi imene imasiyanitsa chotupa chotheka kuchotsa ndi chotupa chimene chafalikira kale.

Kaundula wa khansa wa dziko la Zimbabwe, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1985 ndipo amasungidwa ku Parirenyatwa, amasonyeza kuti khansa zofala kwambiri ndi za khomo la chiberekero, za prostate ndi za m'mawere. Ku Malawi zimene zimatsogola ndi za khomo la chiberekero, za pakhosi pomezera chakudya ndi ya pakhungu ya Kaposi. Khansa ya kapamba siili m'gulu lotsogolali. Komabe tiyenera kukumbukira kuti kaundula amalemba okhawo amene anapimidwa n'kupezeka nayo, ndipo khansa imeneyi ndi imodzi mwa zovuta kwambiri kuzipeza popanda makina ounikira m'thupi.

Kapamba ndi khansa yake

M'Chichewa liwu lakuti kapamba limatchulidwa pa ziwalo ziwiri. Ambiri amalidziwa ngati chiwalo cha kumanzere kwa mimba chimene chimatupa mwana akamadwaladwala malungo. Kapamba amene akukambidwa pano ndi wina, amene madokotala amamutcha pancreas. Iye ndi wautali pafupifupi masentimita 15, ndipo anagona chopingasa kuseri kwa chifu, pafupi ndi msana. Ntchito zake ndi ziwiri: kutulutsa timadzi togaya chakudya timene timatsikira m'matumbo, ndi kutulutsa insulini amene amachepetsa shuga m'magazi.

Pa zotupa 10 zilizonse za khansa ya kapamba, pafupifupi 9 zimayambira m'timachubu timene timanyamula timadzi togaya chakudya tija. Popeza chiwalochi chinabisika mkati kwambiri, dokotala sangachikhudze ndi dzanja, ndipo chotupa chimakula kwa nthawi yaitali popanda chizindikiro chooneka. Pa nthawi imene wodwala akufika kuchipatala, ndi 15 kapena 20 okha pa 100 amene amakhala kuti chotupa chawo chingachotsedwe ndi opaleshoni. Opaleshoni yodziwika kwambiri imatchedwa ndi dzina la Allen Whipple, dokotala wa ku New York amene anaifotokoza m'chaka cha 1935, ndipo mpaka lero ndiyo njira yaikulu yopatsa wodwala mwayi wochira.

Chimene chimayendetsa khansayi ndi kuwonongeka kwa majini, amene ndi malangizo olembedwa mu DNA ya selo lililonse. Mwa odwala oposa 90 pa 100, jini yotchedwa KRAS imakhala itasokonekera, moti imalamula selo kuti lizigawikana osaleka. Pambuyo pake majini oletsa zotupa, monga TP53, CDKN2A ndi SMAD4, nawo amafa mphamvu. Zinthu zimene zimawonjezera chiopsezo ndi kusuta fodya, kunenepa kwambiri, matenda a shuga, kutupa kwa kapamba kwa nthawi yaitali kumene kawirikawiri kumabwera ndi mowa, ukalamba, ndiponso kukhala ndi achibale a magazi amodzi amene anadwalapo nthendayi.

Kodi microRNA n'chiyani?

Malangizo a mu DNA satuluka m'kati mwa phata la selo. Selo likafuna kupanga puloteni inayake, limakopera malangizowo pa kachingwe kotchedwa mRNA, ndipo kachingweka ndi kamene kamapita kumalo opangira mapuloteni. Zili ngati buku la malamulo limene limakhala mu ofesi ya mgodi, pamene zikalata zokopera m'bukulo ndizo zimapita kwa akapitawo. MicroRNA ili ngati mlonda wa panjira amene amagwira zikalata zina kuti zisafike. Ndi kachingwe kafupi kwambiri, ka zilembo pafupifupi 22, ndipo sikapanga puloteni iliyonse. Kamakamatirira pa mRNA imene zilembo zake zikugwirizana nako, kenaka uthengawo umawonongedwa kapena umalephera kuwerengedwa. Mwa njira imeneyi selo limachepetsa puloteni imene silikuifuna yambiri. MicroRNA imodzi imatha kugwira mauthenga a majini ambirimbiri, ndipo jini imodzi imatha kulonderedwa ndi ma microRNA angapo.

Tizidutswati tinatulukiridwa m'kanyongolotsi kakang'ono kotchedwa Caenorhabditis elegans, kamene kutalika kwake ndi milimita imodzi yokha. M'chaka cha 1993 gulu la Victor Ambros, limene munali Rosalind Lee ndi Rhonda Feinbaum, linalengeza kuti jini yotchedwa lin-4 imapanga kachingwe kakafupi ka RNA m'malo mwa puloteni, ndipo gulu la Gary Ruvkun linasonyeza mmene kachingweko kamatsekera uthenga wa jini ina. Poyamba ambiri anaganiza kuti ndi zachilendo za nyongolotsi basi. Maganizowa anasintha m'chaka cha 2000 pamene gulu la Ruvkun linapeza ina, yotchedwa let-7, n'kuona kuti imapezekanso m'nyama zambiri ndi mwa anthu. Lero zikudziwika kuti munthu ali ndi majini oposa 1,000 opanga ma microRNA. Ambros ndi Ruvkun analandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala m'chaka cha 2024 chifukwa cha ntchitoyi.

Umboni woyamba wakuti tizidutswati timakhudzana ndi khansa unabwera m'chaka cha 2002, pamene George Calin ndi Carlo Croce ku Philadelphia anapeza kuti ma microRNA awiri, miR-15 ndi miR-16, amasowa kapena kuchepa mwa odwala ambiri a mtundu wina wa khansa ya m'magazi.

Zimene zimachitika m'chotupa cha kapamba

M'chaka cha 2007 magulu angapo, kuphatikizapo la ku Ohio State University lotsogoleredwa ndi dokotala wa opaleshoni Mark Bloomston, anayerekeza ma microRNA a m'zotupa za kapamba ndi a m'kapamba wabwinobwino komanso wotupa chabe. Anapeza kuti chotupa chili ndi kaonekedwe kakekake: ma microRNA ena amachuluka mopitirira, ena amatsika kwambiri. Kafukufuku wa zaka zotsatira wagawa tizidutswati m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la amene amathandiza khansa akachuluka. Wodziwika kwambiri ndi miR-21, amene amatseka mauthenga a majini oletsa zotupa monga PTEN ndi PDCD4. Majiniwa akatsekedwa, selo lowonongeka limene limayenera kudzipha lokha limapitiriza kukhala ndi moyo n'kumaswana. Akatswiri apezanso kuti odwala amene zotupa zawo zili ndi miR-21 wambiri sathandizidwa bwino ndi gemcitabine, mankhwala amene akhala akuperekedwa pa khansayi kuyambira m'chaka cha 1996. Ena a m'gululi ndi miR-155, amene amaoneka atakwera ngakhale m'zotupa zina zimene zisanasanduke khansa yeniyeni, ndi miR-196a, amene kuchuluka kwake kwagwirizana ndi kufa msanga kwa odwala.

Gulu lachiwiri ndi la amene amateteza thupi, ndipo khansa imapindula iwo akachepa. M'kapamba wabwinobwino muli miR-216 ndi miR-217 ambiri, koma m'chotupa amatsika kwambiri. Izi n'zofunika chifukwa miR-217, pamodzi ndi miR-96 ndi let-7, amachepetsa uthenga wa KRAS, jini ija yoyendetsa nthendayi. Winanso ndi miR-34a, amene amagwira ntchito molamulidwa ndi puloteni ya TP53 poimitsa selo lowonongeka. Palinso banja la miR-200, limene limathandiza maselo kukhala ogwirana pamalo amodzi. Banjali likachepa, maselo a khansa amamasuka, amalowa m'mitsempha ndipo amakamera ku chiwindi ndi kwina.

Choncho ma microRNA amapezeka pa magawo onse a nthendayi: poyamba pake, pofalikira, ndiponso pamene ikukana mankhwala.

Kupima magazi

RNA yambiri imawonongeka msanga ikatuluka m'selo. Koma m'chaka cha 2008 akatswiri a ku Seattle ndi a kwina anasonyeza kuti ma microRNA amakhalitsa m'magazi osawonongeka. Ena amakhala atamatirira ku mapuloteni, ena amakhala m'timatumba ting'onoting'ono totchedwa exosome timene maselo, kuphatikizapo a chotupa, amataya m'magazi. Izi zinatsegula njira yofufuzira chotupa chobisika pogwiritsa ntchito magazi otengedwa pa mkono.

Chopimira magazi chimene madokotala ali nacho panopa ndi CA 19-9. Chimathandiza kutsatira mmene wodwala wodziwika kale akupezera, koma sichidalirika pofufuza nthenda yoyamba kumene. Chimakweranso njira ya ndulu ikatsekeka pa zifukwa zina, ndipo anthu 5 mpaka 10 pa 100 alionse matupi awo sapanga n'komwe chinthu chimene chimapimidwacho.

M'chaka cha 2014 akatswiri a ku Denmark anafalitsa zotsatira za kupima magazi a odwala mazana angapo, zimene zinasonyeza kuti timagulu ta ma microRNA tingasiyanitse odwala khansa ya kapamba ndi anthu abwinobwino, ngakhale kuti anthu ena opanda nthendayi ankaonekanso ngati ali nayo. M'mwezi wa April 2024, pa msonkhano wa akatswiri a khansa ku San Diego, gulu la Ajay Goel la ku City of Hope m'chigawo cha California linapereka zotsatira za anthu pafupifupi 1,000 a ku Japan, United States, South Korea ndi China. Gululi linati kupima ma microRNA pamodzi ndi CA 19-9 kunazindikira zotupa 97 pa 100 za siteji yoyamba ndi yachiwiri mwa odwala a ku United States.

Chiwerengero chimenechi chiyenera kumvedwa bwino. Kafukufukuyu anayerekeza anthu odziwika kale kuti ali ndi khansa ndi anthu odziwika kuti ali bwino. Kupima khamu la anthu wamba ndi nkhani ina, pakuti nthendayi ndi yosowa. Tiyerekeze kuti pa anthu 10,000 mmodzi yekha ndiye ali nayo, ndipo chopimira chimalakwitsa kamodzi pa 100. Anthu pafupifupi 100 opanda vuto adzauzidwa kuti akuganiziridwa khansa, ndipo onsewo adzafunika kuunikidwa ndi makina. N'chifukwa chake akatswiri amaona kuti chopimira chotere chiyenera kuyambira pa anthu amene ali pa chiopsezo chachikulu, monga a m'mabanja odwala nthendayi, a kapamba wotupa kwa nthawi yaitali, ndi amene ayamba matenda a shuga mwadzidzidzi atapitirira zaka 50.

Mankhwala

Pa mankhwala pali njira ziwiri: kutseka microRNA yothandiza khansa ndi kachingwe kopangidwa m'labotale, kapena kubwezeretsa microRNA yoteteza imene yasowa. M'maselo a m'labotale ndi m'mbewa njira zonsezi zachepetsapo zotupa za kapamba. Mwa anthu zinthu zavuta.

Mankhwala oyamba a mtunduwu kuyesedwa pa odwala khansa anali MRX34, opangidwa motsanzira miR-34a ndi kampani ya ku Texas. Kuyesaku kunayamba m'chaka cha 2013 pa odwala khansa zosiyanasiyana zimene zinali zitafalikira, ndipo kunaimitsidwa m'chaka cha 2016 chifukwa chitetezo cha m'thupi cha odwala ena chinalusa kwambiri, moti anayi anamwalira. Mpaka pano palibe mankhwala a microRNA amene avomerezedwa kuchiza khansa ya mtundu uliwonse.

Zovuta zake ndi zitatu. Choyamba, popeza microRNA imodzi imagwira majini ambiri, imakhudzanso ziwalo zimene sizikudwala. Chachiwiri, thupi limatha kuona RNA yochokera kunja ngati kachirombo n'kuyamba kulimbana nayo. Chachitatu, chotupa cha kapamba chimadzikuta ndi mnofu wolimba wokhala ndi mitsempha yochepa, choncho mankhwala amavutika kulowamo. N'chifukwa chake kafukufuku wambiri tsopano ali pa zonyamulira, monga timatumba ta mafuta ndi ma exosome, zoti zikatule mankhwala pa chotupa penipeni.

Padakali pano odwala amene sangachitidwe opaleshoni amalandira mankhwala opha maselo a khansa. Kafukufuku wa ku France wa m'chaka cha 2011 anasonyeza kuti odwala khansa yofalikira amene analandira msakanizo wotchedwa FOLFIRINOX anakhala ndi moyo miyezi pafupifupi 11, poyerekeza ndi miyezi pafupifupi 7 kwa amene analandira gemcitabine yekha. Ziwerengerozi zikusonyeza chifukwa chimene kupeza nthendayi msanga kulili kofunika kuposa china chilichonse.

Zofunika kuti chopimira chifike kumadera ngati Jumbo

Ma microRNA amapimidwa kawirikawiri ndi njira ya PCR, yomwe malabotale a m'chigawo chino cha Africa amaigwiritsa kale ntchito poyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi ndi pofufuza chifuwa chachikulu. Ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia kuli kale dongosolo lotenga magazi m'zipatala zazing'ono pa njinga zamoto kupita nawo ku malabotale aakulu. Maziko ena alipo.

Koma pali zinthu zoyenera kukonzedwa. Kafukufuku wamkulu amene watchulidwa pamwambapa anachitika ku Asia, ku Ulaya ndi ku America. Kuchuluka kwa ma microRNA m'magazi kumasintha munthu akakhala ndi matenda ena, monga HIV, chifuwa chachikulu, malungo ndi kutupa kwa chiwindi, amene ndi ofala m'madera a migodi. Magazi akasungidwa kapena kunyamulidwa molakwika, maselo ofiira amasweka n'kutulutsa ma microRNA awoawo, monga miR-451 ndi miR-16, ndipo zotsatira zimasokonekera. Motero chopimira chilichonse chiyenera kuyesedwa pa anthu a kuno ndiponso m'nyengo ya kuno chisanadaliridwe.

Chinanso n'chakuti magazi amangolozera kumene kuli vuto. Pambuyo pake pamafunika makina a CT, katswiri wounika kachidutswa ka chotupa, dokotala wodziwa opaleshoni ya Whipple ndi chipinda cha odwala mwakayakaya. M'chigawochi zinthu zikusuntha pang'onopang'ono. Chipatala cha Cancer Diseases Hospital ku Lusaka chinatsekulidwa m'chaka cha 2007, chipatala chachikulu cha Maputo chinayamba kuwotcha khansa ndi makina m'chaka cha 2019, ndipo likulu la dziko lothandizira odwala khansa pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe linatsekulidwa m'chaka cha 2025. Zonsezi zili m'malikulu a maiko, kutali ndi wodwala wa ku Tete, ku Lichinga kapena ku Chipata.

Zimene munthu angachite lero

M'madera a migodi munthu akamaonda, maganizo a ambiri amathamangira ku chifuwa chachikulu, fumbi la m'mapapo kapena HIV, ndipo maso akachita chikasu amaganizira malungo kapena chiwindi. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma ngati matenda amenewa apimidwa osapezeka, kapena mankhwala ake sakuthandiza, wodwala wachikulire ayenera kupempha kuti aunikidwe m'mimba. Zizindikiro zofunika kuzithamangira ndi chikasu m'maso ndi pakhungu, mkodzo wakuda ngati tiyi, chimbudzi choyererako, kuyabwa thupi lonse, kuonda popanda chifukwa, kusafuna kudya, kupweteka kwa pamwamba pa mimba kumene kumafika kumsana, ndi shuga woyamba mwadzidzidzi pa ukulu.

Wosuta fodya ali ndi chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wosasuta, ndipo chiopsezochi chimatsika pakapita zaka munthu atasiya. Uwu ndi uthenga wofunika ku Mashonaland Central, ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, kumene fodya ndi mbewu ya ndalama. Kuchepetsa mowa kumateteza kapamba ku kutupa kumene kumatsogolera ku khansa.

Kwa amene nthenda yawapeza itafalikira, thandizo lilipobe. Mankhwala a morphine amachepetsa ululu, ndipo madokotala amatha kutsekula njira ya ndulu kuti chikasu ndi kuyabwa zichepe. Bungwe la Island Hospice, limene linayamba ku Harare m'chaka cha 1979, ndi malo a Ndi Moyo ku Salima ndi ena mwa amene amasamalira odwala otere pamodzi ndi mabanja awo. Ngati wina wapereka mankhwala kapena chopimira cha microRNA ponena kuti chimachiza kapena kupeza khansa ya kapamba motsimikiza, wodwala ayambe wafunsa dokotala wa chipatala cha boma asanatulutse ndalama.